Mbalame pa Buledi wa Zokolola

"Nanga akakana kulandira, buledi ameneyo ndidzamuika pati?"

Zoriana anafunsa ali chiimire pakhomo la khitchini ya holo ya ozimitsa moto, manja ali m'matumba a epuloni. Amayi a bungwe la m'mudzi wa Jesionki anali atazungulira tebulo, akuluka nkhata yaikulu ya ngala za tirigu yoti idzanyamulidwe Lamulungu. Wina anali ataluma waya, wina anapempha sizasi. Mayi Henryka, wapampando wawo, anaweramira m'katoni ya maluwa ouma ngati pansi pake pagwera mphete.

Chaka chilichonse tirigu akachoka m'minda, mudziwu umachita chikondwerero cha zokolola. Misa ikatha anthu amayenda pamdipiti mpaka kubwalo la mpira, ndipo mayi mmodzi wosankhidwa amanyamula buledi wamkulu wa ufa watsopano n'kukamupereka kwa wapampando wa khonsolo. Wapampandoyo amamulandira ndi manja awiri, amamupsompsona, amathokoza, kenaka amadula n'kugawira anthu. Palibe amene ankakumbukira chaka chimene zinayendapo mwina. Koma chaka chino amayi anasankha Zoriana, ndipo wapampando wa khonsolo, a Teofil Gajda, anali atanena pamalo omwera mowa, pamaso pa anthu okwanira kufalitsa nkhani mudzi wonse, kuti iwo sadzalandira buledi m'manja mwa munthu amene pulezidenti wamusandutsa nzika ya Poland ndi cholembera.

Zoriana anachokera kumudzi wina wa kufupi ndi Ternopil, ku Ukraine, nkhondo isanayambe. Anabwera kudzathyola maapozi m'munda wa mayi Henryka kwa nyengo imodzi, banja lake litangotha kumene, ndipo nyengoyo inangotalika. Anaphunzira kudulira mitengo m'chisanu, kuyendetsa kathirakitala pakati pa mizere, ndi kutukwana matalala m'chilankhulo cha kuno. Ankagona m'kachipinda ka pamwamba pa nyumba yosungiramo zipatso, momwe chilichonse, ndi pilo yemwe, chinkanunkhira maapozi. Unzika unabwera mitengo ili m'maluwa chaka chomwechi, pulezidenti atasaina, ndipo amayi a bungwe atamva anati basi, buledi anyamula ndi ameneyu. Ankafuna kumuchitira ulemu. Sanaganize zoti ulemuwo uyenera kudutsa m'manja mwa a Teofil.

Mawu oyamba amene Zoriana anaphunzira kuno anali othokoza, ndipo anawavala mpaka kuperepeseka. Anathokoza woyendetsa basi, namwino, wapositi, ndi mtolankhani amene anabwera kudzajambula alendo olimbikira ntchito. Sikuti ankanama ayi. Dzikoli linamupatsa ntchito, kiyi wa chitseko chake, ndi tulo tokwanira pa nthawi imene abale ake kwawo ankagona m'zipinda zapansi kuthawa mabomba. Kungoti anaona kuti pali anthu ena amene ukawathokoza sachoka, amaimabe pomwepo kudikira kuti ubwereze.

A Teofil sanali munthu woipa, ndipo apa m'pamene panali povuta. Sabata imene nkhondo inayamba, iwo ndi amene anayendetsa galimoto ya ozimitsa moto kupita kumalire itadzaza mabulangete ndi supu, n'kubwerako ndi amayi ndi ana amene anagona m'holo yomweyi mpaka chisanu chinatha. Mkazi wawo anali atamwalira chaka cha m'mbuyo mwake, ndiye anthu ankati ntchitoyo inawatulutsa m'nyumba. Chimene sanakhululuke n'chakuti pambuyo pake, malinga ndi kunena kwawo, pulezidenti ndi amene anayendayenda kunja kukaomberedwa m'manja m'dzina la dziko lonse, pamene sananyamulepo ngakhale bulangete limodzi. Kuchokera pamenepo chilichonse chinali mlandu wa pulezidenti: tirigu wotchipa wolowa kuchokera kunja, kachipatala ka m'mudzi kamene kanatsekedwa, achinyamata othawira m'mizinda, mabenchi opanda anthu m'tchalitchi. Chisankho chinali pafupi, ndipo chipani chawo chinkafuna kuti zolephera za zaka zonsezi zimveke paliponse pamene pali makutu. Bwalo lodzaza anthu, chimkuzamawu, ndi mlendo wonyamula buledi, mpata wotere subwera kawiri.

Zoriana anali ataganiza kale chochita. Msuweni wake wa mumzinda wa Wroclaw ankamuuza kawirikawiri kuti m'fakitale ya makina ochapira zovala muli malo. Iye fakitale sankaifuna, ankafuna mizere ya mitengo imene anaidulira ndi manja ake. Koma ankadziwa kuti munthu sungaime pansanja manja atatambasuka, buledi ali wosalandiridwa, mudzi wonse ukuonerera, kenaka m'mawa mwake n'kukagula mkaka m'sitolo ngati palibe chachitika. Anthu akanamumvera chisoni, ndipo chisoni cha m'mudzi sichitha msanga. A Teofil akakana, Lolemba akwera basi.

Alangizi sanasowe. Lachinayi aphunzitsi a Ludwik, amene sankamwerana madzi ndi a Teofil kuyambira ali ana asukulu, anamupeza m'munda n'kumulangiza kuti akafika pa chimkuzamawu athokoze pulezidenti potchula dzina, momveka bwino, kuti anthu ena adziwe kuti dziko lasintha. Madzulo ake mlamu wa a Teofil anaimitsa njinga pageti n'kunena kuti mwina mkuluyo angafewe ngati Zoriana atathokoza mtundu wonse ndi anthu a ku Jesionki, koma osatchula munthu wa kulikulu ku Warsaw uja. Onse awiri anachoka atatenga maapozi.

Lachisanu a Teofil anabwera okha, ati kudzabwereka makwerero aatali opachikira mbendera. Anamupeza Zoriana akusankha maapozi oyambirira kupsa, abwino uku, obooledwa ndi mavu uko. Anavula chipewa, pakuti ulemu anali nawo, n'kunena kuti sakufuna kuti mayiyo azimvera kwa anthu ena nkhani yoti akhoza kumuuza okha.

"Si inu ayi, mayi Zoriana. Inu ntchito mumagwira, aliyense amadziwa. Ine ndikukana mfundo."

"Mfundo ilibe manja, bambo. Manja amene adzatambasuke pajapo ndi angawa."

A Teofil anawayang'ana manjawo, okandika ndi nthambi, kenaka anayang'ana chipewa chawo n'kuchitembenuza. Za manja anazisiya, anayamba za pulezidenti. Anati unzika si masiwiti ogawira ana paphwando, agogo awo anaufera m'nkhalango. Anati dziko lili ngati nyumba, mlendo akhoza kugonamo ndi kudyamo, koma munthu amene sanaikepo njerwa ndi imodzi yomwe alibe mphamvu zomagawa zipinda. Anati munthuyo analonjeza alimi mwezi ndi nyenyezi, n'kuwapatsa zithunzi zake. Zoriana ankangoti ee bambo, akuponya maapozi uku ndi uko. Pomaliza anamufunsa ngati sakuona kuti dzikoli lamuchitira zambiri. Iye anati lamuchitiradi, ndipo anathokoza. A Teofil ananyamula makwerero n'kumapita, akugunda nawo nthambi.

Zaka zina buledi amakagula kubekale ya m'tauni, koma wa chaka chatha anali wolimba ngati tayala la thirakitala, moti mpeni unapindika pamaso pa anthu. Choncho mayi Henryka anamupatsa Zoriana thumba la ufa watsopano, kiyi wa khitchini yawo yakale ya uvuni wa nkhuni, ndi lamulo limodzi: aphike monga amaphikira kwawo patsiku lalikulu koposa. Iwo anabwerera kuholo kukamaliza nkhata.

Kwawo kwa Zoriana buledi wa tsiku lalikulu ndi mmodzi yekha, korovai, wamtali, wozungulira, wa mazira ndi batala, womangidwa lamba woluka m'chiuno. Ndi amene amalandirira mlendo wolemekezeka pakhomo, ndi amene amatsekera zokolola, ndi wa paukwati yemwe. Loweruka masana anakanda ufa limodzi ndi Ulyana, mnzake wa m'munda wochokera ku Rivne, ku Ukraine komweko, mkazi amene manja ake ankatopa koma pakamwa ayi.

"Kwathu amati wophika korovai akhale wa banja labwino," anatero Ulyana akuthira mkaka. "Iwe lako linatha, ine wanga ali ndi wina ku Odesa. Buledi ameneyu aphulika, uona."

"Akaphulika ndiye kuti a Teofil apuma."

"Ndiye ukande bwino, asapume."

Zoriana ankafuna kukongoletsa pamwamba ndi ngala za tirigu zoumba, zoyenera zokolola. Anaumba imodzi, Ulyana anati ndi mbozi. Anaumba ina, anati ndi mbozi yoyembekezera. Atatopa anabwerera ku chimene zala zake zinkadziwa kuyambira ali mtsikana kwa azakhali ake: timbalame. Amapota kachingwe ka ufa, amatsina mlomo, amachekacheka mchira ndi mpeni, n'kuika timbewu takuda m'maso. Anatiika tiwiritiwiri, milomo itagundana, chifukwa kamodzi pakokha kankagwera chammbali.

Buledi sanaphulike. Anatuluka wofiirira, wonyezimira, wolemera ngati mwana woyamba kuyenda. Akazi awiriwo anamuyang'ana, ndipo ngakhale Ulyana anachita chizindikiro cha mtanda.

Lamulungu m'mawa, kuseri kwa tchalitchi, amayi atavala masiketi awo a maluwa ndi mikanda yofiira, Zoriana anavundukula nsalu. Ankayembekezera kuti ayamikira. M'malo mwake amayiwo anayang'anizana ngati anthu amene aona chinthu pankhope pako ndipo akukankhizana woti akuuze. Mayi Henryka anavala magalasi, anayang'ana timbalame, n'kuvulanso.

"Mwana wanga, ukukwatiwa ndi yani?"

Ku Jesionki buledi wotere anasiya kumuphika kalekale, koma aliyense wa imvi amamukumbukira, ndipo amamukumbukira pa chinthu chimodzi basi. Sanali wa alendo, sanali wa zokolola. Ankatuluka m'nyumba ya mkwatibwi kupita kwa mkwati, mbalame zake zitakhala ziwiriziwiri chonchi. Ndiye lero mkazi wopanda mwamuna amunyamula kudutsa mudzi wonse, malipenga ali patsogolo, kukamupereka kwa bambo wofedwa mkazi.

Wina anati azule mbalamezo. Anayesa imodzi ya m'mbali, inasiya dzenje ngati la dzino, ndiye anaibwezera ndi kamtengo kotokosera m'mano. Wina anati athamangire kusitolo, koma Lamulungu m'mawa kusitolo kumangotsala mabanzi adzulo. Belu linayamba kulira. Mayi Henryka anamukonza mkanda pakhosi n'kunena kuti buledi ndi buledi, ansembe adalitsa, tiyeni. Mlomo wawo unkanjenjemera chakumbali, ndipo Zoriana sanadziwe ngati ndi mantha kapena chinthu china.

Ansembe anali achinyamata, okulira mumzinda, ndipo sanaone chachilendo chilichonse. Anawaza madzi odalitsa pa nkhata, pa buledi ndi pa mbalame zomwe. Koma m'mabenchi a kutsogolo, mokhala agogo, mitu inayamba kupendekerana. Pamene mdipiti unkatuluka pageti la tchalitchi, nkhani inali itadutsa kale malipenga n'kukafika kubwalo. Zoriana ankayenda maso ali pa nsalu yopeta imene anayala pansi pa buledi. Anali atazolowera kuyang'anidwa ngati mlendo, ndipo ankadziwa mmene maso oterowo amagwirira pakhungu. Awa anali ena. M'mbali mwa msewu anthu ankamwetulira, ndipo bambo wina wachikulire anamuvulira chipewa n'kuweramira pansi kwambiri kuposa mmene mwambo umafunira.

A Teofil okha ndi amene nkhaniyo sinawapeze. Anatuluka m'tchalitchi Misa isanathe kukaonetsetsa kuti chimkuzamawu chikugwira ntchito, ndipo palibe amene analimba mtima kuwauza. Anali chiimire pansanja, suti yakuda, tcheni cha udindo pakhosi, manja onse awiri atabisa kumbuyo. Zoriana atakwera masitepe, iwo anayang'ana pamwamba pa mutu wake, kumene kunali mbendera.

Malipenga anasiya. Zoriana anatambasula manja, ndipo mawu a mwambo anatuluka bwinobwino, monga anawayesera pakati pa mitengo sabata yonse.

"Bambo wapampando, landirani buledi uyu wa ufa wa chaka chino. Mugawe mwachilungamo, pasapezeke wogona ndi njala."

Apa m'pamene aphunzitsi ankafuna dzina la pulezidenti, ndipo mlamu uja ankafuna mtundu wonse. Zoriana anali asanasankhe, ndipo sanatchule aliyense. Anangoima, manja ali m'mwamba.

A Teofil sanasunthe manja. Anatembenukira ku chimkuzamawu n'kuyamba pang'onopang'ono, ndi mawu awo a pamaliro. Anati abale anga, buledi ndi chinthu chopatulika, ndipo n'chifukwa chake asanatambasule dzanja ayenera kufunsa funso limene anthu ambiri amaliopa. Anapuma pang'ono kuti funsolo lidikiridwe.

M'kupuma kumeneko m'mene munalowa mayi Pelagia. Anali gogo wogontha, wolankhula nthawi zonse ngati akuitana munthu kutsidya la mtsinje, ndipo anakhala pabenchi yoyamba. Anatembenukira kwa mnzawo.

"Ndiye Teofil wapeza mkazi? Wachita bwino. Malaya ake anali atayamba kuoneka a munthu wopanda mwini."

Kuseka kunayambira pabenchi yoyambayo n'kuyenda chakumbuyo ngati mphepo m'munda wa tirigu. Kutafika kutenti ya mowa, kumene kunali ozimitsa moto, wina anakweza kapu n'kunena kuti chakumwa chake chikuwawa. Paukwati wa kuno alendo amadandaula choncho, ndipo saleka mpaka mkwati ndi mkwatibwi atapsompsonana kuti chitsekemere. Anzake anavomera. Othyola maapozi amene anaima kumbuyo kwenikweni, mwambowu ndi wa kwawonso, ndiye analowerera m'chilankhulo chawo, Ulyana ali patsogolo. Woimba ng'oma, poona kuti pali kugunda kopanda mwini, anakutola.

"Chowawa, chowawa, chowawa!"

Apa m'pamene a Teofil anatsitsa maso kwa nthawi yoyamba n'kuona chimene chinali pansalupo. Anaona lamba woluka, anaona timbalame, milomo itagundana. Makutu awo anafiira kuyambira kunsonga kutsika mpaka m'kolala. Anagogoda chimkuzamawu ndi chala n'kunena kuti iyi si nkhani yoseketsa, iyi ndi nkhani ya dziko. Wina kutenti anayankha kuti dziko lidikira, Teofil, koma mkazi sadikira. Anayesanso, anatchula unzika, anatchula cholembera, koma mawuwo ankamira ngati miyala yoponyedwa m'dziwe. Ngakhale anthu a chipani chawo, amene anabwera okonzeka kuomba m'manja, anali akupukuta misozi.

Zoriana sankaseka. Mikono inali itayamba kunjenjemera kuyambira m'mapewa, ndipo anadziwa kuti sipatenga nthawi buledi apendekeka. Kukanidwa anali atakukonzekera, koma kugwetsa buledi wodalitsidwa pamaso pa mudzi wonse, zimenezo ayi. Analankhula motsitsa, moti anamva ndi awiri okha.

"Bambo, akulemera."

A Teofil anamuyang'ana kumaso. Kaya anaona thukuta pamphumi pake, kaya anangowerengera za iwo eni, Zoriana sanadziwe. Zowerengerazo zinali zosavuta. Akakana tsopano, palibe akanakumbukira pulezidenti. Akanakumbukira, mpaka tsiku la maliro awo, kuti Teofil Gajda anathawa mkazi pansanja. Ndiponso phokosolo silikanatha popanda chinthu china kupsompsonedwa, ndipo pa zinthu ziwiri zimene zinali patsogolo pawo, chimodzi chokha n'chimene mwambo umalola.

Manja anatuluka kumbuyo.

Kulemera kutachoka, mikono ya Zoriana inakwera yokha m'mwamba pang'ono, ngati ya munthu amene watula mtolo. A Teofil anaweramitsa mutu, anasakasaka malo opanda mbalame, n'kupsompsona buledi. Bwalo lonse linaomba m'manja, malipenga analira chosayembekezereka, aliyense nyimbo yake. Bata litabwerera, panatsala mawu a wolandira, ndipo poti chimkuzamawu chinali pomwepo, anamveka mpaka kumsewu.

"Zikomo, mayi. Mulungu akubwezereni."

Zoriana anatsegula pakamwa kuti athokoze mwachizolowezi, koma anapeza kuti pamwambowu mawu amenewo sali mbali yake. Anatsekanso, anagwedeza mutu, n'kutsika masitepe akugwira chitsulo cha m'mbali.

Anakhala pabenchi pakati pa mayi Henryka ndi Ulyana. Wina anamupatsa kapu ya tiyi, ndipo anadabwa kuona kuti akutha kuigwira. Pansanja a Teofil anaika buledi patebulo, anatulutsa pepala m'thumba, n'kulankhula zonse zimene anakonza, osasiyapo kanthu. Anati pulezidenti wagulitsa mlimi, watseka kachipatala, walola malire kukhala ngati geti la msika. Anati mtundu uwu unatsegula zitseko zake ndi mtima wake, ndipo woyenera kuthokozedwa ndi mayi amene anapereka bedi lake, osati bambo amene anakaima pa kapeti wofiira. Apa anthu ambiri anaomba m'manja, ndipo Zoriana anaomba nawo, chifukwa mayi wotereyo ankamudziwa, anali atakhala pambali pake akudya soseji. Zina zonse anazimvera monga munthu amamvera mvula ali m'nyumba yosadontha. Anali asanaonepo kuti kuseri kwa bwalo kuli mitengo ya zipatso, ndiponso kuti tsikulo kunacha bwino.

Aphunzitsi a Ludwik anadutsa n'kumuuza kuti wataya mwayi waukulu wonena zoona. Iye anavomera kuti wautayadi, n'kupitiriza kumwa tiyi.

Itakwana nthawi yogawa, a Teofil anaima ndi mpeni pamwamba pa buledi kwa nthawi yaitali. Kulikonse kumene ankaloza kunali khosi la mbalame. Potsiriza anakodola Zoriana ndi chala, ndipo iye anakweranso masitepe, ulendo uno miyendo ili yake.

"Chinthu chimenechi amayambira pati?"

Anawaonetsa kuti amayamba achotsa mbalame, zimenezo n'za ana ndi agogo, kenaka amadula pamwamba, ndipo chapansi chimatsalira oimba. A Teofil anazula kambalame kamodzi mosamala ngati akuchotsa dzira m'chisa. Kamtengo kotokosera m'mano kanatulukira limodzi, ndipo anakayang'ana osafunsa.

"Maganizo anga sanasinthe, mudziwe zimenezo."

"Ndikudziwa, bambo."

"Pulezidenti wanuyo ndi tsoka la dziko lino."

"Ndi wanunso, bambo. Komabe ndamva zonse mwanena zija. Ndiziganizira ndisanapite kukavota."

Mpeni unaima. Zinaoneka kuti pa zinthu zonse zimene cholembera chija chinachita, ichi a Teofil anali asanachiganizire. Anatsokomola, anadula chidutswa, anachiyang'ana, n'kudula china chokulirapo n'kumupatsa. Kenaka ananyamula dengu n'kutsika kukagawira anthu, ndipo pabenchi iliyonse ankafunsidwa kuti tsiku lake ndi liti. Mayi Pelagia anawagwira dzanja n'kuwalangiza kuti asachedwetse, pamsinkhu wawo chisanu chimakhala chachitali. Iwo ankangoti idyani, mayi, idyani.

Buledi anatha yense, ndi nyenyeswa zomwe. Amayi a bungwe anatsutsana ngati batala anachuluka kapena anakwana, ndipo wina anapempha kuti adzaphunzitsidwe timbalame, mdzukulu wake akukwatiwa chaka chamawa. Ulyana anavina ndi ozimitsa moto atatu motsatizana n'kubwerako akunena kuti onse amaponda ngati akuzimitsa udzu.

Dzuwa litapendeka, atatuwo ananyamuka wapansi kubwerera kumunda, mayi Henryka atavula nsapato za tchalitchi n'kuzinyamula m'manja. Anali akufotokoza kuti Lolemba ayambe ndi mizere ya kumunsi mavu asanamalize zipatso, ndiponso kuti makatoni atsopano sanafike. Ulyana ankang'ung'udza nyimbo ya ukwati kuti amupse mtima Zoriana, koma Zoriana ankangoyenda, nsalu yopeta ija itapindidwa pamkono, akuyang'ana minda yometedwa mbali zonse za msewu.

"Mawa ndichedwa pang'ono kumunda, mayi," anatero atafika pageti. "Ndiyamba ndapita kwa ansembe. Poti kuno sindichokanso, ndikufuna ndikasankhe malo anga kumanda, mbali ya kumtunda ija."